Khodi Yachitatu

Pa ofesi ija panalibe munthu amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankati a Chigamba, chifukwa kwa zaka zambiri pulogalamu ya kampani ikang'ambika penapake, iye ndi amene ankaisoka. Kampaniyo inkapanga pulogalamu ya m'masitolo ogulitsa mankhwala, yosunga chiwerengero cha zimene zalowa, zimene zagulidwa ndi zimene zatsala pang'ono kutha mphamvu. Chigamba anayamba nayo ili kachipinda kamodzi ka makompyuta awiri ndi ketulo. Tsopano inali ndi nsanjika yonse, mipando yozungulira, ndi achinyamata obwera kuntchito atavala ngati akukatchetcha kapinga.

Mphekesera inayambira pamene zimayambira mphekesera zonse, pa ketulo. Inkati mwini kampani akufuna injiniya watsopano wa maphunziro a masiku ano, koma mipando sakuwonjezera, ndiye kuti wina aonetsedwa msana wa njira. Sipankafunika woombeza kuti munthu amudziwe winayo. Wa imvi mu ofesi yonse anali mmodzi. Anthu anayamba kumupatsa moni wautali, wofatsa, moni wopatsa wodwala, ndipo ena anafika pomutsegulira chitseko. Chigamba ankaopa, ndipo mantha akewo sanali achabe. Pa msinkhu wake ukatuluka pa ntchito yotereyi sulowanso pena. Amakuyamikira luso lako, kukuperekeza mpaka pakhomo, kenako n'kulemba mwana wa mnzako.

Abwana a gulu lawo anali mayi wina amene anabwera chaka chathachi kuchokera ku kampani yaikulu, munthu wosaseka wamba, wokonda ndondomeko kuposa tiyi. Anabwera ndi kalembedwe kawo ka antchito. Ofuna ntchito sankaitanidwa kaye kudzaonetsa masuti. Onse ankapatsidwa funso limodzi, aliyense n'kutumiza khodi yake, ndiye kuti kachigawo ka pulogalamu kamene walemba yekha poyankha funsolo. Abwana ankafufuta mayina n'kuikapo manambala, ndipo oweruza atatu ankawerenga n'kunena chimodzi mwa zitatu: tim'tenge, tim'funsenso, kapena ayi. Pakati pa makhodi a alendowo ankabisapo imodzi ya m'nyumba momwemo, yolembedwa kale ndi mmodzi wa antchito awo, osanena kuti ndi iti kapena ya ndani. Imeneyi ankaitcha muyezo. Ankati sikelo imene siyesedwa imayamba kunama mwiniwake osadziwa.

Oweruza ulendo uno anali Chigamba mwiniwakeyo, mnyamata wina amene ankamutcha Mahedifoni chifukwa cha zomvera nyimbo zimene sankazichotsa kumutu, moti makutu ake anthu sankawaona kawirikawiri, ndi mayi wachitsikana amene anabwera pa kampanipo atangomaliza sukulu, Chigamba n'kumuphunzitsa ntchito. Ankamuitana kuti mwana wanga mpaka ofesi yonse inatengera, moti ngakhale tsopano anali injiniya wokhwima wa ana akeake, ankadziwikabe kuti Mwanawanga.

Funso lake linali loti wogulitsa wadina batani kuti wagulitsa mankhwala, netiweki n'kuduka pakati. Pulogalamu itani kuti mankhwalawo asachotsedwe kawiri pa chiwerengero, kapena kusachotsedwa n'komwe? Chigamba anatsegula mafayilo pa desiki yake Lachisanu masana. Khodi yoyamba inali yaifupi, yoyera, yooneka bwino ngati nyumba yosagonamo munthu. Yachiwiri inali ya munthu amene anawerenga mabuku ambiri ndipo ankafuna kuti onse adziwe zimenezo. Atatsegula yachitatu, dzanja lake linaima pa kiyibodi.

Anaizindikira pa mzere woyamba, mmene umazindikirira kutsokomola kwa m'bale wako kuseri kwa khoma. Mayina a zinthu anali afupiafupi, a zilembo ziwiri kapena zitatu, chizolowezi cha masiku amene masikirini anali aang'ono. Chigawo chachikulu chinali chimodzi, chotsika osapuma. Chinthu chimodzimodzi chinkafunsidwa m'malo atatu, ngati munthu wobwerera kukagwedeza loko amene watseka kale. Inali yake.

Ikanakhala khodi imene anailemba atatopa, kapena mothamangitsidwa, bwenzi zili bwinoko, chifukwa munthu amakhala ndi chowiringula. Koma iyi inali yabwino kuposa zonse zimene analembapo. Asanailembe anakakhala kuseri kwa kauntala m'sitolo ina ya mankhwala, n'kumaonerera zimene ogulitsa amachita netiweki ikaduka. Sadikira. Amadina batani mobwerezabwereza ngati likumva, amatukwana, kenako amazimitsa kompyuta pakhoma makasitomala ali pamzere. Loko wogwedezedwa katatu uja anachokera kumeneko. Chiyikireni khodiyo sinavutepo, ndipo chifukwa chosavuta panalibe amene ankaitsegula, kupatula Mwanawanga amene anaphunzirirapo ntchito. Khodi yabwino imafa chonchi, osawerengedwa.

Chigamba anayang'ana ku chipinda cha abwana. Kuseri kwa galasi mayiwo ankalemba zawo, nkhope ili phee. Kwa iye nkhani inali yoonekeratu: uwu unali msampha. Kuchotsa munthu wa zaka zambiri kumafuna chifukwa, ndiye chifukwacho anali kuchiphika. Achinyamata aiseka khodiyo pagulu osadziwa mwiniwake, abwana alemba zimene anenazo, ndipo iye atuluka ndi umboni wa anzake omwe. Anatseka kompyuta, thukuta lili kamukamu m'khwapa ngakhale makina oziziritsa anali kulira.

Loweruka masana mkazi wake ankamumeta pakhonde, thaulo lili m'khosi. Mkaziyo anali mphunzitsi mpaka miyendo inamusiyitsa ntchito, ndipo ankametabe mwamuna wake ngati akukonza mwana wa sukulu, kumutembenuza mutu ndi zala ziwiri. M'nyumba munkamveka mdzukulu akulira ndi mpongozi akumutonthoza. Mwana wawo wamwamuna anali atabwerera pakhomo ndi banja lake ntchito itamuthera, ndipo ankakhalira kutumiza makalata ofunsira ntchito pa foni. Nyumba yonseyo inkadya kuchokera pa desiki imodzi ija. Chigamba anafotokoza nkhani yonse akuyang'ana pansi pamene tsitsi linkagwera.

Mkazi wake sanaone povuta. Anati ngati ndi yake angonena kuti ndi yake, mwana wako ngakhale anyanse bwanji sumukana pagulu. Chigamba anayesa kumulongosolera kuti zinthu siziyenda choncho. Akaulula, zikhala ngati akupempha chifundo mlandu usanayambe. Akaiyamikira mwakachetechete, tsiku lodziwika mwiniwake adzakhala nkhalamba imene inadziombera m'manja mumdima, ndipo adzamuseka mpaka m'basi.

Mkaziyo anaimitsa lumo.

"Abambo, ine za makompyuta zanuzo sindizidziwa. Ndingofunsa chimodzi. Chinthucho n'chabwino kapena n'choipa?"

Chigamba anangofunsa ngati mankhwala akuda obisa imvi aja anatsalako. Mkazi wake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba kukawatenga.

Lolemba m'mawa anakumana m'chipinda cha misonkhano, cha tebulo lalitali ndi pulojekita yolira ngati udzudzu. Atalowa, Chigamba anapeza pakona pali munthu amene sankabwera pa zinthu zoterezi: mwini kampani. Anali bambo wowonda, woseka ndi aliyense, amene anayamba ndi kugulitsa mankhwala yekha ndipo khodi sankaidziwa ngakhale pang'ono. Ankamutcha Chigamba achimwene kuyambira masiku a ketulo aja. Anati asawasokoneze, wangobwera kudzamvera, n'kuweramira pa foni yake. Munthu sabwera kudzamvera nyimbo imene sakuidziwa pokhapokha ngati akudikira china.

Khodi yoyamba anagwirizana msanga kuti tim'tenge. Yachiwiri anakanganapo pang'ono, n'kuti tim'funsenso. Kenako abwana anadina, ndipo yachitatu inadzaza khoma lonse, zilembo zikuluzikulu, mayina afupiafupi aja ali poyera ngati zovala zamkati zoyanikidwa kumsewu.

Mahedifoni anayamba. Anatsitsa mahedifoni ake m'khosi n'kufunsa ngati wolembayu ankalipitsidwa pa chilembo chilichonse, poti mayina akuwaumira chonchi. Anati chigawo chachikulucho n'chachitali ngati mzere wa kuchipatala, ukafika kumapeto waiwala chimene unabwerera. Mwini kampani anaseka osadzutsa mutu. Koma mnyamatayo anali wachilungamo pa ntchito yake. Anavomera kuti anayesa njira zonse kuti aigwetse, kuidula netiweki apa ndi apo, koma sinagwe. Anati sakuikonda, koma iye angakonde kumuona wolembayo, ndiye tim'funsenso.

Mwanawanga sanayang'ane kwa Chigamba ngakhale kamodzi, ndipo apa m'pamene iye anadziwira kuti nayenso waizindikira. Analankhula pang'onopang'ono. Anaonetsa malo atatu aja n'kunena kuti si kuiwala, oyamba akugwira wodina batani kawiri, achiwiri wozimitsa kompyuta pakhoma, achitatu netiweki yobwerera mochedwa ndi uthenga wakale. Anati makhodi enawo anayankha funso la papepala, koma iyi inayankha zimene zimachitika m'sitolo.

"Wolemba uyu anaimapo kuseri kwa kauntala," anatero. "Ine ndikuti tim'tenge."

Mawu amenewa akanamusangalatsa munthu wina aliyense. Kwa Chigamba anali ngati chala chomuloza. Ofesi yonse inkadziwa kuti mtsikanayu ndi mwana wake pa ntchito, ndiye akamaikira kumbuyo khodi yachikale chonchi, ndani sangadziwe mwiniwake? Ndipo pakona paja mwini kampani anali atasiya foni, akuyang'ana. Chigamba anaona mmene zionekere: bambo ndi mwana apangana kuseri, nkhalamba yabisala kumbuyo kwa mtsikana. Anaganiza kuti njira yotsala ndi imodzi, kusonyeza kuti maso ake akadali akuthwa kuposa a onse m'chipindamo, kuti iye si wa gulu la khodi imeneyi. Mantha akamuphunzitsa munthu nzeru, amamuphunzitsa zoterezi.

Abwana atati a Chigamba, iye anaimirira, chinthu chimene enawo sanachite, n'kupita pakhoma.

Analavula moto. Ndani akanaidziwa khodiyo kuposa iye? Anati ilibe timapulogalamu toyesera ngati ikugwirabe bwino, moti aliyense woisintha akuyenda mumdima. Anati chigawo chachitali chotere sangachigwire wina koma wolemba yekhayo, ndipo kampani yodalira mutu wa munthu mmodzi imadwala tsiku limene munthuyo wadwala. Kenako anaika chala pa mzere wina wapakati, wooneka wosalakwa, n'kuonetsa kuti wotchi ya kompyuta ikabwerera m'mbuyo kudutsa tsiku loyamba la chaka, pulogalamu idzaima osanena kanthu. Vuto limenelo analidziwa kalekale, ndipo ankangoti adzalikonza. Panalibe munthu wina pa dziko amene akanalipeza. Mahedifoni anatsegula pakamwa n'kuyamba kulemba. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa zonse zimene Chigamba ananena panalibe bodza ngakhale limodzi. Anangosiya theka linalo.

Pakamwa pakatentha sipaima pamene mwiniwake akufuna. Anatembenukira kwa Mwanawanga.

"Iwe ndinakuphunzitsa kuwerenga khodi ndi maso, osati ndi chisoni. Chisoni siya kunyumba."

Mwanawanga anayang'ana manja ake. Nkhope yake yokha ndi imene inkaonetsa kuti wamva.

"Munthu uyu anali wabwino pa nthawi yake," anapitiriza Chigamba, tsopano akuyang'ana kukona. "Nthawi yakeyo inatha. Ine sindingamulembe ntchito, ndipo akanakhala kuti ali kale muno ndikanati apume. Ayi."

Mahedifoni anakweza dzanja n'kunena kuti atamva zimenezi akusintha, nayenso akuti ayi. Abwana anafunsa Mwanawanga ngati akusintha. Anapukusa mutu osadzutsa maso. Abwana analemba, ndipo analemba nthawi yaitali kuposa mmene mawu atatu amafunira. Mwini kampani anaimirira, anamusisita Chigamba paphewa podutsa, n'kutuluka osadikira makhodi otsalawo.

Tinene zoona, Chigamba anakondwa. Anatuluka mu msonkhanomo thupi litapepuka, anamwa tiyi n'kumumva kukoma, ndipo Mahedifoni atabwera kudzafunsa kuti vuto la wotchi lija analiona bwanji, anamuyankha monyadira kuti maso amakula ndi zaka. Za Mwanawanga anadziuza kuti adzamupepesa zinthu zikakhazikika, mwana sasunga mangawa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Abwana anamuitana dzuwa litapendeka. Anatseka chitseko okha, anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba Chigamba anaona kuti mayiwa ndi munthu wotopa. Sanazungulire. Anati mwini kampani ankafuna kumuchotsa Chigamba iwo asanabwere n'komwe, ndipo chaka chonsechi akhala akukana. Mwini kampani atati ampatse umboni wakuti nkhalambayo ikadali ndi ntchito, iwo anafufuza pulogalamu yonse n'kusankha chigawo chabwino kuposa zonse, chimene sichinavutepo. Anamuuza mwini kampani nambala yake, ndipo anapangana kuti oweruza akaivomereza osadziwa mwiniwake, nkhani yochotsa Chigamba ithere pomwepo. N'chifukwa chake bamboyo anabwera kudzamvera. Kumuchotsa Chigamba pa oweruza sakanatha, chifukwa aliyense akanadziwa kuti muyezo ndi wa ndani.

"Mnyamata uja anati tim'funsenso, mtsikana anati tim'tenge," anatero abwana. "Zinali zitatheka kale. Inu mukanangoti tim'funsenso, kapena mukanangotsokomola n'kukhala pansi."

Chigamba anafunsa kuti bwanji sanamutsine khutu. Abwana anati akanatero sikelo ikanakhala yabodza, ndipo mwini kampani ndi munthu wonunkhiza bodza patali. Anati iwo anawerengera zonse, achinyamata, mwini kampani, ngakhale nthabwala za Mahedifoni, koma sanaganizepo kuti munthu angaimirire kupha ntchito ya manja ake.

"Munaizindikira?"

Chigamba anagwedeza mutu kuvomera. Abwana anati mwini kampani akutsika kupita ku galimoto, ngati Chigamba ali ndi mawu athamange, chifukwa awo atha.

Anatsika masitepe akugwira chitsulo, mawondo akulira. Anamupeza bamboyo poimika magalimoto, akuika chikwama kumpando wakumbuyo. Chigamba analankhula ali wefuwefu. Ananena zonse zimene sananene m'mawa: za kauntala, za ogulitsa ozimitsa kompyuta pakhoma, za masitolo onse amene sanatayepo chiwerengero cha mankhwala chifukwa cha khodi imeneyo. Anati vuto la wotchi ndi la mzere umodzi, angalikonze asanaweruke. Anati anachita mantha, ndipo mawu amenewa anamuwawa potuluka kuposa ena onse. Anatchula ngakhale za mdzukulu, chinthu chimene sanaganizepo kuti angachitchule pa ntchito.

Mwini kampani anamvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu, dzanja lili pa chitseko cha galimoto. Sanali wokwiya, ndipo zimenezi n'zimene zinkaopsa.

"Achimwene, ine makompyuta sindiwadziwa, inu mukudziwa. Ndimadziwa anthu. M'mawa uja munalankhula ngati munthu wopanda chotaya, ndipo ndinati apa ndamva zoona. Pano mukulankhula ngati munthu wofuna ntchito. Ndiye mukanakhala ine, mukanamvera uti?"

Bamboyo analowa m'galimoto, analiza injini, kenako anatsitsa galasi ngati wakumbukira kanthu kakang'ono.

"Mwezi uno muumalize. Wa khodi yoyamba uja akabwera, mumuonetse mmene angachotsere zakalezo bwinobwino. Palibe wina akudziwa pamene pali powola kuposa inu."

Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo Chigamba anapatuka kuti idutse. Anamva pakamwa pake pakunena kuti zikomo.